Mapiritsi m'phala la a Kefasi

Tsiku limene a Kefasi Mbewe anayamba kumutchula mkazi wawo kuti "mayi", ngati munthu amene angokumana naye pa siteji ya minibasi, linali Lachiwiri, nyengo yokumba mtedza. Imelda anawabweretsera madzi osukusula pakhonde monga mwa masiku onse. Iwo anawomba m'manja mwaulemu, manja awo onjenjemera aja, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, mayi. Kodi eni nyumba ino atalikira?"

Imelda anaseka. Nanga akanatani? Zaka makumi anayi ndi zitatu ali pabanja ndi munthu wanthabwala, anali atazolowera kupusitsidwa m'mamawa. Koma atawayang'ana m'maso, kuseka kunamuthera m'kamwa. Maso aja anali odekha, aulemu, odikirira yankho. Sankamudziwa.

A Kefasi anali telala pa Ludzi kuyambira kalekale. Aphunzitsi, anamwino ndi oyendetsa kabaza ambiri a dera limenelo anakulira m'mayunifolomu osokedwa ndi iwo, ndipo aliyense amakumbukira kuti telalayo sankatseka pakamwa: makina akulira, iwo akulongolola. Dzanja lamanja ndilo linayamba. Linkanjenjemera lokha likakhala pabondo, kenako ulusi unayamba kukana kulowa m'singano. Anasiya kusoka, makina n'kufunditsidwa nsalu pakona. Miyendo nayo inayamba kuyenda mokhwekhwereza, pang'onopang'ono. Kuchipatala anati ndi matenda a muubongo amene amagwira anthu ena akamakula, ndipo mankhwala ochiritsiratu palibe, alipo ongochepetsa kunjenjemera. Imelda anazilandira zonsezo. Kuwasambitsa, kuwamanga mabatani, kuwadyetsa, palibe chimene ankanyinyirika nacho. Chimene sanachikonzekere n'chakuti mutu nawo udzayamba kutaya zinthu, ndi kuti pa zinthu zotayidwazo padzakhala iyeyo.

Apa mundimvetse bwino. Pamudzi onse ankamuitana Imelda kuti "mayi a Lucy". Kumphakati, kumene Akatolika a m'mudzimo amapemphera Lachinayi, ankati "mayi Mbewe". Adzukulu, "agogo". Makolo ake anamwalira kalekale, abale ake anabwerera kwawo ku Phalombe. Dzina lake lenileni linatsala pakamwa pa munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo ankalitchula mwakemwake: Melida. Anayamba kumuitana choncho tsiku limene Imelda, ali mtsikana wa pa esiteti ya fodya, anabwera ndi nsalu yamaluwa kudzasoketsa diresi la Khirisimasi. Akuluakulu ankaseka kuti bambo wamkulu wotere angamaitane mkazi wake ndi dzina ngati mwana wa sukulu, koma a Kefasi analibe nazo kanthu. "Melida, tiyi." "Melida, tabwera uone nsalu yabodza andibweretserayi." Tsiku lonse linali dzina limenelo.

Tsopano dzinalo linazima. Imelda anayesa zonse zimene munthu angayese. Anawaonetsa chithunzi cha ukwati wawo, iwo n'kuyamikira kuti suti ya mkwatiyo inasokedwa bwino. Anavala chitenje chimene anamugulira ku Chipata. Tsiku lina anagwada patsogolo pawo n'kunena mosazungulira kuti, "Bambo a Lucy, ndine ndemwe, mkazi wanu." Iwo anagwedeza mutu mwachifundo, ngati akumvera munthu wosokonezeka, n'kuyankha kuti, "Chabwino, mayi, chabwino." Miyezi inayi inadutsa chonchi. Mtima unkamuwawa kwambiri, ndipo analibe woti amuuze. Mayi wa zidzukulu zisanu angadandaule bwanji pagulu kuti palibe womuitana dzina?

M'mwezi wa Julaye, Lucy, mwana wawo amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, anatumiza katundu kudzera mwa munthu wina wa kwawo amene ankabwera pa basi. Munali bulangete, mafuta odzola, ndi botolo loyera la mapiritsi akuluakulu. Madzulo a tsiku lomwelo anaimba foni.

"Amayi, botololo ndi la ababa. Ndinaonera vidiyo pafoni, bambo wina amafotokoza kuti amathandiza ubongo, makamaka anthu onjenjemera ndi oiwalaiwala. Abwana anganso amamwa. Ndi mavitamini chabe, sangawapweteke. Limodzi patsiku, pabotolopo alemba."

"Dzina lake n'chiyani mankhwalawa?"

"Nayasini."

Imelda anakhala pansi pa chitsa cha pakhomo, foni ili kukhutu. Lucy anapitiriza kudandaula za kuzizira kwa ku Joni, koma mayi ake sankamvanso kanthu. Dzina limenelo ankalidziwa. Analiloweza ali ndi zaka khumi ndi zinayi, akuliimba m'njira kuti asaliiwale.

Nkhani yake inali yotere. Makolo a Imelda anabwera ku Mchinji kudzalima fodya wa eni ake pa esiteti ina, ngati matenanti. Chakudya chinali chimanga cholandira kwa bwana, basi. Dimba analibe, nkhuku analibe, ndiwo zinali za mwayi. Chaka china amayi ake anayamba kuda khungu la pakhosi ndi la kumanja, lokhakhala ngati lawauka pamoto. Kenako kutsegula m'mimba kosatha. Kenako mutu. Ankalankhula okha, ankatukwana ana awo, ndipo tsiku lina anamufunsa Imelda kuti ndiwe mwana wa yani. Anthu a pa esiteti anati ndi misala, ena anati alodzedwa, ndipo bambo ake ankachita kuwamangirira ndi chitenje pa mzati wa chigafa choumitsira fodya kuti asathawire kuthengo. Sisiteri wina wa pa chipatala cha mishoni ndiye anangoyang'ana khosi lija n'kunena kuti imeneyi ndi pelagira, matenda a anthu odya chimanga chokhachokha. Anapereka timapiritsi ting'onoting'ono. Imelda ndiye ankatumidwa kukatenga tina sabata iliyonse, n'kumaimba dzina lija njira yonse. Pasanathe masabata atatu, amayi ake anadzuka m'mawa, n'kumuyang'ana, n'kunena kuti, "Imelda, tsitsi lakoli lakula bwanji chonchi, palibe wokumeta?" Anakhalanso ndi moyo zaka makumi awiri, mutu uli bwinobwino.

Ndiye mukuti munthu woti anaona zimenezo ndi maso ake akanakayikira? Imelda sanakayikire ngakhale pang'ono. Kwa iye Mulungu anali atamubwezera njira imene anaidziwa ali mwana. Botolo lija analiika pamwamba pa makina osokera, pansi pa nsalu.

A Kefasi ankavutika kumeza zinthu zolimba, choncho m'mawa mwake Imelda anaphwanya piritsi limodzi ndi kumbuyo kwa supuni, n'kusakaniza ufa wake m'phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Anawadyetsa pakhonde. Anadya, anathokoza "mayi" wawo uja, ndipo iye anapita kuseli kwa nyumba kukapeta mtedza.

Sipanapite nthawi, mwina theka la ola.

"Melida!"

Lichero linagwa, mtedza n'kumwazika, nkhuku n'kuthamangira pomwepo. Iye sanazione n'komwe.

"Melida, ndikupsa ine. Bwera, ndikupsa."

Anawapeza akukanda khosi ndi dzanja labwino lija. Nkhope, makutu ndi chifuwa zinali zotentha, khungu litafiirira, thukuta lili kamukamu. Imelda anaviika chitenje mu ndowa n'kuyamba kuwapukuta. Iwo anamugwira mkono mwamphamvu, maso ali pa iye, maso omudziwa.

"Melida, usachoke."

"Sindichoka, bambo. Ndili pompano."

Ankalira uku akuwapukuta, ndipo inali misozi ya chimwemwe, palibe chobisa apa. Patatha ola kutentha kunazilala, a Kefasi n'kugona tulo. Atadzuka masana anamufunsa mwaulemu kuti, "Mayi, mungandisonyezeko kumene kuli chimbudzi?" Koma Imelda sanataye mtima. Amayi ake aja nawonso sanachire tsiku limodzi.

Kwathu kuno, tinene zoona, mankhwala osamveka m'thupi sitiwakhulupirira. Jakisoni akapanda kuwawa timati namwino watibaya madzi. Mankhwala a chifuwa akakhala otsekemera timati ndi a ana. Koma munthu akamwa kanthu n'kutuluka thukuta, kuyabwa, kubuula, tonse timagwedeza mutu kuti eya, tsopano mankhwala akumenyana ndi matenda. Imelda anakulira m'maganizo amenewo monga ine ndi inu. Kwa iye kutentha kuja kunali matenda akutuluka kudzera pakhungu, ndipo umboni wake unali dzina lija.

Tsiku lachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi. Lachitatunso. Imelda anayamba kuyenda mopepuka, ankaimba potunga madzi, moti amayi a kumjigo anamufunsa ngati Lucy watumiza uthenga wa ukwati. Koma thupi la munthu limazolowera zinthu. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi, a Kefasi anangokanda pang'ono kukhutu, n'kupitiriza kuyang'ana mbuzi za aneba. Imelda anakhala pambali pawo, chitenje choviika kale chili m'manja, madzi akudontha pamapazi ake. Anadikirira ola lathunthu. Palibe amene anamuitana.

M'mawa mwake anaphwanya awiri. Moto unabwerera, dzina n'kubwereranso. Patapita sabata, mapiritsi awiriwo anazoloweredwa, n'kukhala atatu. Kenako anayamba kuphika phala kawiri, m'mawa ndi chakumadzulo. Pofika pakati pa Ogasiti anali sikisi patsiku. Lucy atamva pafoni kuti ababa ayamba kuzindikira anthu, anasangalala kwambiri, n'kutumiza mabotolo ena awiri. Sanafunse kuti loyambalo latha bwanji msanga chonchi, ndipo Imelda sananene. Nanga bwanji sananene, ngati ankakhulupirira kuti akuchita bwino? Funso limenelo ankalizemba ngakhale ali yekha kumunda.

A Kefasi anayamba kukana chakudya. Ankasanza. Mkodzo wawo unali woderako ngati tiyi wopanda mkaka. Ankagona tsiku lonse, akadzuka n'kumagwira pamimba, kumanja, pansi pa nthiti. Imelda ankaziona zonsezo n'kumadziuza kuti ndi matenda akutsazika. M'mawa wina atabwera ndi mbale, iwo anatseka pakamwa n'kuyang'ana kumbali.

"Pepani, mayi, ndakhuta. Phala lanuli limandiotcha."

"Ili ndi lina, bambo. Silotcha ili."

"Zoona?"

"Zoona."

Anatsegula pakamwa, chifukwa chibadwire anali munthu wokhulupirira anthu. Imelda anawadyetsa mpaka mbale inayera, kenako anakaviika chitenje. Tsiku limenelo anamuitana kanayi.

Amene anadzaziona anali Esitele, mlongo wawo wa a Kefasi, wokwatiwa ku Guilleme. Esitele ndi mayi wosabisa mawu, wa maso akuthwa, woti akalowa m'nyumba ya munthu amaona kangaude amene mwini wake wakhala naye chaka chonse osamuona. Anabwera Loweruka atasenza mbatata, anagwada pamkeka kupereka moni kwa achimwene ake. Anawagwira chibwano, n'kuwatembenuzira kudzuwa, n'kukoka chikope ndi chala.

"Alamu, tabwerani kuno. Maso awa mwawaona?"

Anali achikasu ngati khungu la nthochi yakupsa. Imelda ankawayang'ana maso amenewo tsiku lililonse, koma ankafunamo chinthu chimodzi chokha, ngati akumudziwa. Mtundu wake sanauone.

"Mukuwadyetsa chiyani achimwene?"

"Mankhwala anatumiza Lucy. Akuchira, alamu. Ayamba kundiitana dzina."

"Munthu wochira amawonda chonchi? Malaya awa anasoka okha, ankawathina m'mapewa. Taonani lero, mungalowemo awiri."

Esitele sanadikire yankho. Anathamangira kwa a Cyprian, aneba amene ali ndi kagalimoto konyamula fodya, ndipo dzuwa lisanafike pamutu onse anali pamzere kuchipatala chachikulu ku boma.

Anawalandira dokotala wamkazi wamsinkhu wa Lucy, dzina lake litalembedwa pachifuwa: Blessings Mwale. Anawapima a Kefasi, anawadina pansi pa nthiti, iwo n'kubuula. Anawatenga magazi. Zotsatira zitabwera chakumasana, anaitana amayi awiriwo m'kachipinda kake n'kutseka chitseko.

"Chiwindi chawo chatupa, chikuvutika kwambiri. Bambowa amamwa mowa?"

"Sanalaweko chibadwire," anatero Esitele.

"Nanga zitsamba? Musaope, mayi, sindikukalipirani. Ndikungofuna kudziwa kuti tiwathandize bwino."

Imelda anatulutsa botolo m'jumbo n'kuliika patebulo. Dokotala analitembenuza, n'kuwerenga zolembedwazo.

"Angati patsiku?"

"Sikisi."

Esitele anapumira m'mwamba. Dokotala anaika botolo pansi pang'onopang'ono.

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Sikisiwo akwana masabata atatu. Tinayamba ndi limodzi." Imelda sanagonje. "Adokotala, mankhwala amenewa ndimawadziwa ine. Anachiza amayi anga."

Ndipo anafotokoza zonse: esiteti, khosi lowauka, chitenje pa mzati wa chigafa, sisiteri uja, nyimbo ya m'njira, tsitsi losameta. Esitele, amene anakhala naye pachilamu zaka zonsezi, nkhani imeneyi ankaimva koyamba. Dokotala sanamudule mawu.

"Zonse mwanenazo n'zoona," anatero pomaliza. "Pelagira timaionabe mpaka lero, ndipo mankhwala ake ndi a mtundu womwewu. Thupi la amayi anu linkasowa chinthu chimenechi chifukwa cha kadyedwe, ndiye litachipeza, mutu unabwerera. Koma bambowa sakuchisowa. Mumawadyetsa mtedza, nyemba, usipa, si choncho? Matenda awo ndi ena. Alipo akatswiri amene akufufuzabe ngati mavitamini otere angathandizeko, koma palibe wapeza kuti amachiza. Chimene tikudziwa bwino n'chakuti akachuluka chonchi amawononga chiwindi. Mukasiya lero, mwayi ulipo woti chibwerere mwakale. Mukapitiriza, tiwataya."

"Koma amanditchula dzina." Imelda ananena motsitsa, akuyang'ana botolo. "Miyezi inayi osanditchula. Akamwa amanditchula."

"Akakutchulani amati chiyani?"

Imelda anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo mawu onse aja anamubwerera pamzere, chifukwa anali atawasunga onse. Melida, ndikupsa. Melida, madzi. Melida, usachoke. Melida, ndithandize. Anafufuza m'mutu kuti apeze tsiku limodzi lokha limene anati Melida wadzuka bwanji, kapena Melida tiyi, kapena Melida taona mbuzi izo. Panalibe.

"Kutenthako si matenda akutuluka," anatero dokotala mofatsa. "Aliyense akamwa ochuluka amamva choncho, ngakhale ineyo. Ndipo kumawawa."

Imelda anagwidwa ndi manyazi ndi chisoni chimene sanachimvepo ngakhale pa maliro a amayi ake. Esitele, yemwe mukanayembekezera kuti alalata mpaka chipatala chonse chimve, sanalalate. Anangoika dzanja paphewa la mlamu wake n'kulisiya pomwepo.

A Kefasi anagonekedwa. Botolo lija dokotala analisunga, ndipo Esitele atabwerera kumudzi anakataya lotsalalo m'chimbudzi. Lucy analira pafoni, akuti ndine ndawapha ababa ine, ndi mavidiyo anga opusawa. Imelda anamudula. "Iwe unati limodzi. Enawo ndinawonjezera ndine. Usadzisenzetse katundu wanga."

Koma panali chinthu chimodzi chimene palibe ankachidziwa. Pa ngodya ya chitenje chake, pamene amayi amamangirirapo makiyi, Imelda anali atamangapo mapiritsi atatu, a phala la madzulo a Loweruka lija limene silinaphikidwe. Sanawataye. Ankadziuza kuti wangoiwala.

Masiku khumi anadutsa. Imelda anakhala wodikirira wodwala monga amayi ena onse, kuphika kukhitchini ya kuseli kwa chipatala, kuchapa, kuyanika zovala pa kapinga, kuthamangira kuwodi belu la chakudya likalira. Phala sanawaphikirenso chigonekedwere, ankawapatsa nthochi, mbatata yophwanya ndi tiyi. Kusanza kunasiya. Chikasu cha m'maso chinayamba kuchepa. Dokotala Mwale anati magazi akuonetsa kuti chiwindi chikubwerera. Ndipo a Kefasi anabwerera kukhala mlendo waulemu uja. "Zikomo, mayi." "Mulungu akudalitseni, mayi." Bambo wina wa pa bedi loyandikana nalo, wothyoka mwendo pa njinga yamoto, anafunsa Imelda ngati ndi wantchito wa pachipatalapo, chifukwa nayenso ankafuna womuchapira. Imelda anaseka nawo, koma zinamulasa.

M'mawa wa tsiku lotsatira namwino anati wodwalayo ayambe kudya zolimbitsa thupi, phala lansinjiro likhoza kuthandiza. Imelda anapita kukhitchini kuja. Utsi unali tolotolo, amayi awiri akukangana za nkhuni. Phala linapsa. Anathira m'mbale, n'kukhala kaye pansi. Zala zake zinapita zokha pa ngodya ya chitenje n'kumasula mfundo ija. Mapiritsi atatu anali pachikhatho.

Limodzi lokha, anaganiza. Pabotolo pomwe analemba limodzi. Thupi laiwala tsopano, limodzi lingakwanire ngati tsiku loyamba lija. Theka la ola, ndipo adzamva dzina lija. Kamodzi kokha, komaliza, kenako basi. Supuni inali kale kudzanja linalo. Dzina limenelo ankalifuna ngati munthu waludzu amafunira madzi, ndipo palibe akanadziwa, ngakhale mwini wake womwayo.

Anakhala choncho mpaka phala linayamba kuuma pamwamba. Chimene chinamubwerera m'mutu sanali mawu a dokotala ayi. Anali mawu aja a pakhonde, funso lija lakuti "Zoona?", ndi pakamwa pakutseguka pang'onopang'ono kulandira supuni. Anaponya mapiritsi onse atatu pamoto, n'kukankhira chikuni pamwamba pake. Mayi wina amene ankakazinga tomato pambali anamufunsa ngati utsi wamulowa m'maso. Iye anati eya.

A Kefasi ataona mbale ya phala anatseka pakamwa n'kubwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda chitsulo cha bedi.

"Limaotcha, mayi."

Ulendo uno Imelda sananene kuti ili ndi lina. Anatunga supuni yodzaza n'kudya yekha, iwo akuona. Anatunganso ina n'kudya. Kenako anaika mbale pamiyendo, onse awiri n'kumadikirira. A Kefasi ankamuyang'anitsitsa khosi ndi makutu. Nthawi inapita, phala n'kuziziriratu. Ataona kuti palibe chikumuchitikira mayiyu, anasendera pafupi n'kutsegula pakamwa.

Anadya masupuni angapo. Kenako anamwetulira, kumwetulira kwa telala uja wa pa Ludzi, kwa mbali imodzi.

"Nsinjiro zake zakwana bwino. Mkazi wanga amaphika chonchi."

Imelda anaika supuni m'mbale. "Mkazi wanu ndani, bambo?"

"Melida." Analitchula mosavuta, ngati sanaliiwalepo tsiku ndi limodzi lomwe. "Simumudziwa? Wamfupi, wa ku Phalombe. Ndinamusokera diresi lamaluwa. Ndinachita dala kulakwitsa m'chiuno kuti abwerenso kachiwiri."

Zaka makumi anayi ndi zitatu, Imelda sankazidziwa zimenezo. Ankangokumbukira kuti anayenda ulendo wautali kawiri kuchokera ku esiteti, akunyoza telala wosadziwa ntchito. Anaseka, misozi ikutsika.

"Ali kuti masiku ano?" anafunsa.

"Kaya, mwina ali kumunda. Ntchito zimamuchulukira. Koma ndi munthu wabwino, mayi. Pali moto wina unkandigwira m'thupi muno, woopsa. Ndikangoitana, ankabwera akuthamanga ndi madzi. Palibe tsiku limene sanabwere."

Imelda anaweramitsa mutu. Iwo anatambasula dzanja lawo lonjenjemera lija n'kumugwira chala, mwaulemu, monga munthu amachitira akamapempha mlendo kuti amuperekere uthenga.

"Mukamuona mumuuze asadandaule. Moto uja unasiya. Apumuleko."

"Ndimuuza, bambo."

Anawapukuta phala pachibwano ndi ngodya ya chitenje, ija yomasula ija, n'kutunganso supuni ina.